Zimene Ndinadinda Kuseri kwa Namba Puleti

Ana anga, mwakula mukumva kuti atate anu anadzichotsetsa ntchito chifukwa cha liuma. Liumalo sindikukana, ndili nalo, ndipo pa msinkhu uno sindilitayanso. Koma nkhaniyi mwaimvera m'kamwa mwa anthu amene tsiku lija anangoima chapatali manja ali m'thumba, ndiye ndati ndiilembe ndekha zala zisanaume. Za ubwana wanga ndizilumpha, palibe chachilendo: mbuzi, sukulu ya kumishoni, basi. Ndiyambira pamene ndinagwira burashi koyamba. Makamaka ndikulembera iwe Gerevazio, mwana wanga woyamba, poti ndiwe amene nkhaniyi inakupweteka kwambiri.

Chipata, 1974

Ntchito yanga yoyamba inali yosesa ndi kutsuka masipanala ku yadi ya magalimoto a boma ku Chipata. Pakona pa shedi pankakhala bambo wina wa imvi, a Chikuse, amene ankalemba zikwangwani ndi kukonza namba puleti za magalimotowo. Tsiku lina anandipeza ndikujambula manambala pansi ndi msomali m'malo mosesa. Ndinati kwanga kwatha, koma iwo anangoyang'ana n'kunena kuti, "Seveni wakoyu waima bwino. Siya tsachelo, bwera kuno." Kuyambira tsiku limenelo ndinakhala pambali pawo zaka zisanu ndi zinayi, mpaka pamene anapuma.

A Chikuse ankati namba puleti ndi chiwongo cha galimoto, ukaiwerenga wadziwa kwawo. M'bokosi lawo ankasungamo mapuleti akale a nthawi ya atsamunda, akuda okhala ndi zilembo zoyera, chilembo chimodzi kapena ziwiri zonena dera limene galimoto inalembetsedwa. Ine ndinaphunzira ntchito m'zaka zimene zinkalowa za zilembo zitatu zotsatana ndi manambala. Tikakhala pageti nthawi ya nkhomaliro ankandiyesa mayeso ndi galimoto iliyonse yodutsa. Yoyamba ndi ma A awiri ndi ya ku Lusaka, ya A ndi C ndi ya kumigodi, ya zilembo zofiira ndi yonyamula anthu olipira. Ya ku Malawi inkadziwika patali, ya ku Mozambique nayonso, yakuda ya timizere pakati pa manambala. Ya boma inali ndi zilembo zake zitatu zosasintha, choyamba chija chopindika ngati chikwakwa. Ndikaphonya ankandikoka khutu, ine munthu wa ndevu kale.

Koma chachikulu chimene anandiphunzitsa sichinali m'buku lililonse la malamulo. Mapuleti a magalimoto a boma ankafufuka ndi dzuwa, ena ankathothoka m'misewu ya mabampu, ndiye tinkadula ena pa chitsulo chosalala n'kulemba ndi manja. Tsono magalimoto a boma amafanana ngati nkhanga. A Chikuse ali mnyamata anapenta mapuleti a malole awiri tsiku limodzi, powabwezera n'kusinthanitsa, ndipo malolewo anayenda chaka chathunthu ndi maina obwerekana mpaka dalaivala wina analangidwa pa ngozi imene anachita mnzake. Kuchokera pamenepo anadziikira lamulo lawolawo. Usanamange puleti, lowa pansi pa galimoto, werenga nambala imene anadinda ku fakitale pa chesisi, chitsulo chachikulu chija chonyamula galimoto yonse, ndipo manambala anayi omalizira uwadinde kuseri kwa puletiyo ndi tizitsulo todindira. Ukatero umange ndi mariveti, timisomali tosamasuka tija, osati mabauti, kuti wofuna kuchotsa ayambe watuluka thukuta. "Penti ndi malaya, Mbewe," ankatero. "Mwini wake ali pansi." Popuma anandisiyira bokosi la tizitsulo todindira tija, poti tinali tawotawo, osati ta boma.

Chadiza, 1991

Ananditumiza ku Chadiza mvula itangotha, ine, amayi anu a Naphiri ndi inu anayi, katundu yense pa lole imodzi pamodzi ndi nkhuku. Yadi ya kuno inali bwalo la fumbi, mpanda wa waya wogwa mbali imodzi, ndi magalimoto ogona ochuluka kuposa oyenda. Wa penti ndinali ndekha, ndiye chilichonse chofuna chilembo chinkabwera kwa ine, kuyambira chitseko cha ofesi mpaka mgolo wa zinyalala. Penti ankabwera chitini chimodzi pachaka, akabwera kumene. Zosungunulira penti panalibe, ndinkachita kupempha petulo wa m'kabotolo kwa madalaivala. Burashi yolembera itatha ndinameta mchira wa mbuzi ya aneba n'kumanga ubweyawo pa nthenga ya nkhuku, ndipo chikwangwani cha kiliniki ya ku Pembamoyo chimene munkachinyadira chija ndinachilemba ndi mbuzi imeneyo. Mwini mbuzi anamwalira osadziwa. Mabwana ankabwera n'kupita, wina woledzera, wina wopemphera kwambiri koma wosasaina pepala, ndipo onsewo ndinkakhala nawo bwino chifukwa sankalowerera za penti.

Chaka chomwecho kunabwera magalimoto awiri atsopano othandiza makiliniki a kumidzi, oyera, aatali, oyenda m'matope. Anali mapasa enieni. Ngakhale manambala awo ankatsatana, ina yothera ndi sikisi, ina ndi seveni, ndipo posakhalitsa anthu onse pa boma ankangoti Sikisi ndi Seveni. Msewu wa ku Mlolo sunachedwe kuthothola mapuleti amene anabwera nawo. Ndinadula ena anayi, ndinalowa pansi pa galimoto iliyonse, ndinadinda, ndinamanga ndi mariveti. Amakaniko ankandiseka kuti mdala wa penti akufunanji pansi pa galimoto, kapena wataya burashi. Ndinkawasiya aseke.

1993 mpaka 1995

Dzinja la 1993 Sikisi inagubuduzika pa mtsinje wina popita ku Mlolo. Sipanafe munthu, koma chesisi inapindika, ndipo tinaikoka ndi thirakitala n'kuikhazika pa miyala kuseri kwa shedi. Masipeya sankabwera, ndiye Seveni ikadwala tinkakatenga kwa mbale wake: lero sipuling'i, mawa redieta, mkuja matayala. Pofika 1995 Sikisi inali chigoba chokhachokha, nkhuku za alonda zikuikira mazira pa mpando wa dalaivala. Seveni ndi imene inatsala, yokhayo, kuzungulira Zingalume, Mlolo ndi Pembamoyo, kusiya mankhwala ndi kutenga odwala amene makiliniki awalephera. Dalaivala wake anali a Mwale, munthu wolongolola koma wa mtima wabwino.

Zaka zomwezo, nkhondo ya ku Mozambique itatha, magalimoto anachuluka m'njira za kumalire, ena osadziwika kochokera. Anthu anayamba kundipeza kunyumba Loweruka, chitsulo chodula kale chili m'kwapa, nambala ili pa kapepala, akuti puleti yawo yagwa. Ndinkafunsa zinthu ziwiri zokha, buku la galimoto ndi galimoto yake. Ambiri ankati apita kukatenga, n'kupita komweko. Mukukumbukira tambala amene wina anasiya pakhonde ine n'kumuthamangira naye mpaka kumsewu? Munalira tsiku limenelo, poti munali mutamuwerengera kale ziwalo.

Mwezi wa Okutobala 1995 ndinakwera Seveni kupita ku Zingalume kukalemba chikwangwani. Pobwerera, dzuwa lili paliwombo, tinaona ngolo ya ng'ombe itaima m'mbali, ndipo mdala wina ali pakati pa msewu atakweza chipewa. M'ngolomo munali mwana wake wamkazi, matenda a uchembere atamuyamba dzulo lake koma mwana osabadwa. Tinamunyamulira m'galimoto. M'njira ndinafunsa mdala uja kuti anadziwa bwanji kuti tiima. "Ine kusukulu sindinapondeko, atate," anayankha, "koma chikwakwa chija ndimachidziwa. M'mawa mwadutsa ziwiri za ogula mtedza, sitinavutike n'kukweza dzanja komwe. Zija n'za eni ake. Iyi ya chikwakwa ndi yathu, siingatipitirire." A Mwale anaseka, akuti mdala uyu wandilemba ntchito lero. Ine sindinaseke. Zaka makumi awiri ndinkalemba chilembo chimenecho ndikuyesa n'chilembo chabe, osadziwa kuti kuli anthu amene amachidikirira m'mbali mwa msewu. Mayi uja tinafika naye kuchipatala ali moyo, koma za mwanayo sindinamve.

1997

Bwana Kamanga anabwera kudzayang'anira yadi kumayambiriro kwa chaka chimenecho. Ndinene chilungamo, anali munthu wodziwa ntchito. Mpanda unaimikidwa, penti anayamba kufika, ndipo ine ndinkawayamikira kwa amayi anu. Koma zaka zimenezo boma linkachepetsa antchito, ndipo ife a maovolosi ndife tinali pamphepete. Aliyense ankadziwa kuti mndandanda wa ochotsedwa ukulembedwa ndipo cholembera chili m'manja mwa bwana. Ine zinanditsalira zaka zinayi kuti ndipume bwinobwino. Iwe Gerevazio unali Giredi 11 ku sukulu yogonera komweko, ndipo sukulu imeneyo inkaimira pa malipiro anga a pamwezi, panalibenso mwendo wina.

Boma linkagulitsanso magalimoto akufa pa okushoni. Kalata inabwera yoti anthu a ku likulu la chigawo abwera Lolemba lina mu Ogasiti kudzagulitsa zigoba zathu, ndipo Sikisi inali pa pepalalo. Kutatsala masiku anayi, bwana anandiitana mu ofesi, n'kutseka chitseko, n'kundipatsa mpando, zimene anali asanachitepo.

"A Mbewe, mapuleti a Sikisi ndi Seveni munamanga ndinu?"

"Ndine, bwana."

"Ndiye kumasula sikungakuvuteni. Mawa muchotse a Seveni muike pa Sikisi, a Sikisi muike pa Seveni. Mariveti asanu ndi atatu basi, ntchito ya ola limodzi."

Ndinamva msanga kumene akulowera, koma ndinafuna anene ndi pakamwa pawo, ndiye ndinafunsa cholinga. Sanabise. Ogulitsa amabwera ndi pepala la manambala a mapuleti, amaitana nambala n'kugulitsa chimene chavala nambalayo, palibe amene amadetsa thalauzi kulowa pansi. Seveni akaichotsa batire n'kuphwetsa matayala idzaoneka yakufa. Mlamu wawo adzaigula pa mtengo wa chigoba n'kuikoka kupita nayo. Chigoba chenicheni chidzatsala pa miyala chitavala nambala ya Seveni, ndipo aliyense wofunsa adzauzidwa kuti Seveni yawonongeka, ikudikira masipeya. Tonse tinkadziwa kuti galimoto yodikira masipeya ndiye kuti yafa.

"Nanga odwala a kumidzi?" ndinatero.

"Boma litumiza ina. Inu musamadzisenzetse dziko pamutu, mdala. Mbuzi imadya pamene aimangirira. Dzina lanu ndikhoza kuliiwala polemba mndandanda uja, ndikhozanso kulikumbukira."

Sindinama, ndinachita mantha. Koma pakamwa panga pamathamanga kuposa mantha anga. Ndinati, "Bwana, ine anandilemba ntchito yopatsa galimoto dzina lake, osati la inzake. Mariveti amenewo sindikhudza." Anamwetulira n'kunena kuti palibe kanthu, ndiiwaleko. Lachisanu m'mawa ndinapatsidwa chitini cha penti ndi njinga kuti ndikalembe zikwangwani ku Mlolo, ndisabwere mpaka Lachiwiri. A Mwale nawo anapatsidwa tchuthi chimene sanapemphe.

Ndinapita, koma ntchito ya masiku anayi ndinaigwira masiku awiri, n'kupalasa kubwerera Lamlungu m'mawa. Ndisanafike kunyumba ndinadzera ku yadi n'kusuzumira pa waya. Seveni inali itakankhidwira kuseri kwa shedi pamzere wa zigoba, matayala ali phwa, pa boneti atathirapo oilo wakuda ndi fumbi. Kutsogolo kwake kunali puleti ya Sikisi, dzanja langa lomwe, koma yomangidwa ndi mabauti atsopano onyezimira. Ndinamva pambuyo pake kuti anaitana wowotcherera wina wa kumsika.

Amayi anu anali atangochokera kutchalitchi, akuswa mtedza pakhonde. Ndinawafotokozera zonse. Iwo anati, "Bambo a Gere, mwakana kale, manja anu ndi oyera, Mulungu waona. Tsopano khalani pansi. Anakuuzani mubwere Lachiwiri, inu bwerani Lachiwiri."

"Ndiye ndizidutsa pa chigoba chija tsiku ndi tsiku chitavala nambala ya Seveni imene ndinalemba ine?"

"Muzidutsa mutayang'ana kumbali ngati anzanu. Galimotoyo inanyamulapo ndani wa m'nyumba muno? Mwana watsala chaka chimodzi kuti alembe mayeso. Inu mukufuna kulimbana ndi mtunda wopanda madzi."

Ankanena zoona. Ichi ndikufuna muchimvetse bwino, amayi anu sanali amantha kapena ouma mtima, iwo maso anali pa inu. Ndinakhala masana onse pansi pa mtengo wa mango ndikudziuza kuti si zanga. Koma ndikati nditsinzine ndinkaona mdala wa ku Zingalume atakweza chipewa pakati pa msewu, akudikirira chikwakwa chimene chagona pa miyala ku yadi. Dzuwa litapendeka ndinatsegula bokosi la zida n'kutengamo sipanala ndi burashi ya waya. Amayi anu anaona, ananyamula lichero lawo n'kulowa m'nyumba.

Lolemba anthu anadzaza yadi, amalonda a ku Chipata ndi ku Katete, antchito anzanga, ndi ongoonerera. Wotsogolera okushoni anali bambo wina wa magalasi wochokera ku chigawo, pepala lili m'manja. Bwana Kamanga atandiona mu ovolosi yanga nkhope inasintha, koma pagulu sakanandithamangitsa. Anagulitsa lole yakufa, anagulitsa thirakitala, kenako anafika pa Seveni n'kuitana nambala ya Sikisi. Mlamu uja anakweza dzanja. Ine ndinakweza sipanala.

"Pepani bwana, musanagulitse. Galimoto iyi si imene mwaitanayo."

Wa magalasi uja anayang'ana pepala, n'kuyang'ana puleti. "Nambala ikugwirizana. Ndinu ndani inu?"

"Ndine amene ndinalemba puletiyo. Ndikupempha mphindi zisanu."

Bwana Kamanga analowerera, akuti mdala uyu ndi wa penti chabe, ndipo masiku ano mutu wake sukuyenda bwino. Ena anaseka. Ine ndinagwada osadikira chilolezo n'kumasula mabauti awiri aja, ndipo apa ndiyamike wowotcherera wa kumsika, poti anamasuka ngati mabatani a malaya. Ndinatembenuza puleti n'kuipereka kwa wa magalasi. "Werengani zili kuseriko, bwana, mokweza." Anawerenga manambala anayi. Ndinagona chagada m'fumbi, ndinalowa pansi, ndinapala matope a zaka zisanu ndi chimodzi ndi burashi ya waya, n'kuwerenga za pa chesisi kuti onse amve. Zinali zina. "Tsopano tiyeni ku chigoba chili pa miyalacho," ndinatero ndikutuluka, "mukaone ngati puleti iyi sikapeza mwini wake."

Wa magalasi sanafune kungokhulupirira pakamwa panga, ndipo pamenepo ndimamulemekeza. Anayala nyuzipepala pansi, anagwada yekha n'kusuzumira ndi tochi, poyamba pa Seveni, kenako pa Sikisi. Puleti imene inali m'manja mwake inagwirizana ndi chigoba, ndipo imene inali pa chigoba, titaimasula, inagwirizana ndi Seveni. Iye analamula kuti batire ndi makiyi zibwere. Zinatuluka m'sitolo momwe anazibisa, ndipo atapotoza kamodzi kokha Seveni inalira. Amalonda a ku Katete anaseka mpaka kugwira nthiti, akuti chigoba cha ku Chadiza chauka kwa akufa. Mlamu uja anazemba osatsanzika.

Musaganize kuti panamveka nthungululu. Bwana Kamanga anaima nji n'kunena kuti wasokoneza mapuleti ndine ndemwe, poti ndine ndimawagwira. Ndinakweza bauti limodzi m'mwamba n'kufunsa anzanga onse amene anali pamenepo ngati anandionapo ndikumanga puleti ndi bauti chibwerere changa ku Chadiza. Onse ankadziwa yankho, amakaniko omwe aja ankandiseka polowa pansi. Palibe anatsegula pakamwa, aliyense maso pa nsapato zake. Chimenecho chinandiwawa kuposa mawu a bwana, ndipo mpaka lero chimandiwawa. Wa magalasi analemba kuti panali kusokonekera kwa mapuleti, anachotsa Seveni pamzere, n'kugulitsa chigoba chenicheni kwa wogula zitsulo. Nkhani inathera pomwepo. Masana omwewo ndinabwezera mapuleti a Seveni ndi mariveti, ndipo Lachitatu a Mwale ananyamuka nayo ulendo wa ku Zingalume.

Mndandanda unatuluka mu Okutobala, dzina langa lili pamwamba penipeni. Bwana analikumbukira, monga analonjezera. Tinatuluka m'nyumba ya boma n'kupita kwawo kwa amayi anu ku Pembamoyo, ine n'kukhala mkamwini ndili ndi imvi. Iwe Gerevazio unabwera patchuthi cha Disembala ndi thiranki lako, ndipo Januwale thirankilo silinatulukenso m'nyumba. Unkafuna uphunzitsi, ndipo mutu unali nawo. Tsiku lina tikupalira chimanga unaimika khasu n'kunena, osandiyang'ana, kuti, "Atate, mariveti asanu ndi atatu basi." Unangonena zimenezo n'kupitiriza kupalira. Mawu amenewo ndayenda nawo zaka zonsezi.

1999 ndi pambuyo pake

Seveni inayenda zaka zina ziwiri, injini n'kufa mu 1999, ndipo nayonso inakagona pa miyala. Bwana Kamanga anasamutsidwira kwina, ndinamva kuti anakwezedwa. Anthu okonda kutonthoza amafuna ndinene kuti galimotoyo inadzanyamula wina wa m'banja mwathu, kuti ndinabwezeredwa. Ayi, sinanyamule wathu ngakhale mmodzi, amayi anu ananena zoona mpaka pamenepo. Ndinkangoiona ikudutsa pamsewu wa ku Pembamoyo ine ndili ndi khasu, a Mwale akuliza hutala, kumbuyo kutagona munthu amene sindimudziwa. Ena amati ndinataya ntchito chifukwa cha zaka ziwiri za galimoto yokalamba. Amenewo akafunse anthu amene anakwezedwamo m'zaka ziwirizo ngati zinali zochepa. Ine sindikangana nawo, ndili ndi zochita. Masiku ano mapuleti amadindidwa ndi makina, onyezimira, ofanana onse, ndipo ntchito yanga inatha. Ndimalemba maina pa ngolo ndi pa magolosale, ndipo seveni wanga akadaimabe bwino.

Gerevazio, iwe unalima mtedza, unayendetsa ngolo zaka khumi ndi ziwiri, mpaka unakwanitsa kagalimoto kako konyamulira katundu. Sindiiwala m'mawa umene unafika nako pakhomo pano, wogulitsa ali pambali pako, munthu wa kumalire wolankhula mothamanga, mapepala ali m'manja. Sunakhale n'komwe pansi. Unati, "Atate, malondawa sitinamalizane ayi. Ndati muyambe mwalowa pansi inu." Msana unali ukukana kale, koma ndinayala thumba n'kulowa. Ndinapala, ndinawerenga, iwe ukuyang'ana m'buku la galimoto. Zinagwirizana. Nditatuluka ndinapeza watenga kale bokosi la a Chikuse m'nyumba, waliika pa boneti, wamasula puleti wekha n'kuitembenuza.

Za sukulu sitinakambe tsiku limenelo, ndipo mpaka lero sitinakambepo. Ndiye ndikuuzira pano, poti pepala silindiyang'ana m'maso. Sukulu yako imandiwawa, mwana wanga. Ndinapereka chinthu chimene sichinali changa, ndipo pa chimenecho ndikupepesa. Koma mariveti aja, ngakhale bwana Kamanga atalowa pakhomo pano lero n'kundipatsanso mpando, sindingakhudze. Bokosi lija ndi lako. Kachitsulo ka seveni kayamba kutha, uzikamenya kawiri.